Kupatsa n'kuika, koma mlandu suola: mbiri ya Sewa Haji, wasitolo wa ku Bagamoyo

Pachipatala chachikulu cha Muhimbili mumzinda wa Dar es Salaam, m'dziko la Tanzania, pali nyumba ina yogonekamo odwala imene imadziwika ndi dzina lakuti Sewahaji. Mwini dzinali adali Sewa Haji Paroo, wamalonda wa m'katawuni ka Bagamoyo, amene adabadwa m'chaka cha 1851 ndi kumwalira m'chaka cha 1897 asanakwanitse n'komwe zaka 50. Adakulira m'sitolo ya bambo ake, pakati pa matumba a mpunga ndi mipukutu ya nsalu, ndipo adasiya dziko lino wopanda mwana woti n'kulowa m'malo mwake.

Abale ndi alongo m'Chisilamu, mabanja ambiri a m'mbali mwa nyanja yathu, kuyambira ku Nkhotakota, Salima, Mangochi mpaka kwa Makanjira, amadya kuchokera pa golosale, pa okala kapena pa thandala la usipa. Mbiri ya bamboyu ikuwakhudza, pakuti ili ndi nkhope ziwiri zosayang'ana kumodzi. Kwina kuli dzanja lopatsa limene anthu akulitamandabe mpaka lero. Kwina kuli buku la mitengo ndi ngongole, limene ena mwa ochita naye malonda adalidandaula kwambiri. Msilamu wogulitsa malonda ayenera kuziyang'ana zonse ziwiri.

Bambo ake, Haji Paroo Pradhan, adachokera ku Bhuj, m'dera la Kutch, kumadzulo kwa India. Kutch ndi dziko louma, la mvula yosadalirika, kumene njala inkagwa kawirikawiri. Ndipo m'chaka cha 1819 chivomezi chachikulu chidagwetsa nyumba zochuluka mu Bhuj momwemo. Mnyamata wa kumeneko wofuna kupeza pogwira ankalozetsa maso kudoko la Mandvi, kumene ankakhomako zombo za matanga. Monga momwe msodzi wa kwathu kuno amawerengera mwera ndi mpoto asanakankhe bwato, amalinyero a ku Kutch ankadikira mphepo imene Aswahili amaitcha kaskazi, yowomba kuchokera kumpoto chakum'mawa kuyambira cha m'Disembala mpaka Malichi, kuti iwakankhire ku Zanzibar. Pobwerera ankadikira inzake yotchedwa kusi. Wophonya mphepo ankatha miyezi yambiri ali kutsidya.

Ku Zanzibar nthawi imeneyo malonda adali pachimake. Sayyid Said, mfumu ya ku Oman, adasamutsira likulu lake pachilumbachi cha m'ma 1840, nakopa amalonda a ku India kuti adzakhazikike, mpaka ntchito yotolera msonkho wa padoko adaiika m'manja mwawo. Ena mwa iwo adali anthu a chuma chambiri okongoza mafumu amene. Haji Paroo sadali m'gulu limenelo. M'chaka cha 1852 adatsegula kasitolo kakang'ono kogulitsa zofunika pakhomo, Sewa ali khanda.

Sitolo ya mtundu umenewu, imene Aswahili amati duka, idali nyumba ndi malo a ntchito pamodzi. Chipinda cha kumaso ndiye sitolo: mpunga, mchere, shuga, zokometsera ndiwo, sopo, singano, ziwiya, mikanda ndi nsalu. Kuseri kwake kapena pamwamba pake ndiko kunkagona banja, kawirikawiri moyandikana ndi katundu yemweyo. Zitseko zinkatsegulidwa kukangocha, ndipo zinkatsekedwa usiku wogula womaliza atapita. Mwana wamwamuna ankadziwa kuwerenga ndalama ndi kuyeza mkono wa nsalu asanadziwe kulemba kalata. Malipiro a pamwezi kwa mwana wa m'nyumba kudalibe. Onse ankadya mbale imodzi, ndipo phindu linkabwerera mu mpamba. Chinsinsi chimene ambiri amachifunafuna pa kulemera kwa Amwenye a nthawi imeneyo n'chomwechi, ndipo n'chowawa kuchitsata: banja lonse linkagwira ntchito, koma dzanja lotapa m'bokosi la ndalama lidali limodzi.

Banja la Paroo lidali la Akhoja, otsatira chiphunzitso cha Ismailiya pansi pa Aga Khan. Chikhulupiriro chawo chimasiyana m'zambiri ndi cha ife a Sunni otsatira Imam Shafi'i, ndipo nkhani imeneyo ili ndi tsiku lake. Chofunika pano n'chakuti Akhoja ambiri ankawoloka nyanja pamodzi ndi akazi awo, pamene amalonda a Chihindu a nthawi imeneyo ankasiya akazi kwawo chifukwa cha malamulo a mtundu wawo, n'kumadzakhala okha mpaka tsiku lobwerera. Motero ana a Akhoja ankakulira pagombe la Africa, akuyankhula Chiswahili kubwalo ndi Chikutchi m'nyumba. Mwana wotere ankatha kumvana ndi Mswahili, Mwarabu ndi munthu wa kumtunda popanda womasulira, ndipo pamalonda lilime ndi mpamba pa lokha.

Pali chinthu china cha m'mabanja amenewa chimene sindingachilumphe. M'chaka cha 1847, ku khoti lalikulu la ku Bombay, amayi ena a Chikhoja ndi a Chimemoni adakasuma kuti apatsidwe gawo lawo pa chuma cha masiye cha abambo awo monga Qur'an yolemekezeka ikulamulira. Akuluakulu a mitundu yawo adayankha kuti iwo amatsata mwambo wa makolo, wofanana ndi wa Ahindu, umene mwana wamkazi salandira gawo pakakhala amuna. Woweruza wa Chingerezi, Erskine Perry, adagamula mokomera mwambowo. Chifukwa chake amalondawo ankaukonda mwambo umenewu n'chosavuta kuchiona: sitolo inkakhala yathunthu, mpamba sunkagawika. Koma Surah An-Nisa, ndime 11 ndi 12, idatchula kale gawo la mwana wamkazi, la mayi ndi la mkazi wamasiye, ndipo palibe sitolo imene ili yaikulu kuposa ndime zimenezi. Ife sitingawaloze chala Akhoja akalewo tili chikhalire, pakuti kwathu kuno mwini golosale akangoikidwa m'manda, makiyi amapezeka kale m'thumba la mlongo wake kapena mphwake, mkazi ndi ana akuyang'ana. Kumeneko ankati mwambo, kuno timati mwambo. Wolira ndi yemweyo.

Cha m'ma 1860 banjali lidatsegula nthambi ku Bagamoyo, kumtunda moyang'anana ndi Zanzibar, makilomita pafupifupi 70 kumpoto kwa kumene kuli Dar es Salaam lero. Kadali katawuni ka nyumba zochepa za miyala ndi zambiri za udzu, koma ndi pamene panathera njira yaikulu ya amtengatenga yochokera ku Ujiji, m'mbali mwa nyanja ya Tanganyika, kudzera ku Tabora, mtunda wopitirira makilomita 1,000. Dzina la tawuniyi ambiri amalimasulira kuchokera ku mawu a Chiswahili akuti bwaga moyo, kunena kuti tula mtima, pakuti moyo m'Chiswahili ndi mtima. Wosenza katundu ankatuladi mtima pansi akaona nyanja ya mchere patatha miyezi itatu kapena kuposerapo ali panjira. Wobwera m'goli ankatula mtima mwa mtundu wina. M'nyengo ya chilimwe katawunika kankasefukira ndi amtengatenga zikwizikwi, makamaka Anyamwezi, ndipo aliyense mwa iwo ankafuna chakudya, pogona ndi nsalu yopita nayo kwawo.

M'chaka cha 1869 abale ake awiri a Sewa adamwalira, ndipo ntchito ya kampani ya banjali, yotchedwa Haji Kanji and Company, idagwera pamapewa a mnyamata wa zaka 18. Sewa adaona msanga kuti ndalama zenizeni za ku Bagamoyo sizidali m'kugulitsa mchere wa pa ndiwo, koma m'kukonzera anthu ulendo wa kumtunda.

Malondawo ankayenda motere. Kumtunda ndalama yachitsulo idalibe ntchito. Ndalama idali nsalu, mikanda ndi waya wa mkuwa. Padali nsalu yoyera yotchedwa merikani, chifukwa poyamba inkachokera ku America, ndi ina yakuda yotchedwa kaniki yochokera ku India, yofanana ndi biriwita amene agogo athu ankavala. Nsalu ankaiwerenga m'madoti, doti limodzi likukwana pafupifupi mayadi anayi. Minyanga ya njovu ankaiyeza pa frasila, muyeso wa mapaundi pafupifupi 35. Mtsogoleri wa ulendo, Mwarabu kapena Mswahili, kawirikawiri ankatenga katundu yense pa ngongole kwa wasitolo, n'kulonjeza kudzabweza ndi minyanga pakatha chaka kapena ziwiri. Ena sankabwerako: nkhondo, nthomba, mitsinje yodzaza. Chifukwa cha chiopsezo chimenechi wasitolo ankaika phindu lalikulu pa ngongoleyo, ndipo apa ndi pamene malire a malonda ovomerezeka ndi riba, imene ife timaitcha katapila, ankayamba kuzilala.

Wamtengatenga ankasenza mtolo wolemera makilogalamu pafupifupi 30. Gawo la malipiro ake ankalandiriratu pagombe, m'nsalu. Koma asananyamuke ankadikira masabata kapena miyezi kuti ulendo upezeke, ndipo nthawi yonseyo mimba siidikira. Wasitolo womupatsa pogona ndi kumukongoza ufa ndiye amene ankadzamuuza ulendo woti apite nawo. Choncho mwini sitolo adasanduka mwini anthu a ntchito: wofuna amtengatenga 100 sankapita kwa amtengatengawo, ankapita kusitolo. Pa ntchito imeneyi Sewa Haji adapambana onse ku Bagamoyo, ndipo ndi imene idamulowetsa m'mabuku a azungu.

Kumayambiriro kwa chaka cha 1871 kudafika Henry Morton Stanley, wotumidwa ndi nyuzipepala ya New York Herald kudzafunafuna David Livingstone. Adasowa amtengatenga kwa masiku ambiri, mpaka Tharia Topan, Mkhoja wolemera wa ku Zanzibar, adamulozera kwa mnyamata wa ku Bagamoyo. M'buku lake la 1872 lotchedwa How I Found Livingstone, Stanley akumutchula mnyamatayo kuti Soor Hadji Palloo, ndipo akuvomereza kuti adali wochangamuka, wodziwa masamu a pamtima, amene adamupezeradi anthu oti anyamuke nawo m'mwezi wa Malichi. Koma akumuneneza kwambiri: kuti ankakweza mitengo polemba, kuti zimene ankati wapereka kwa amtengatenga sizinkafanana ndi zimene amtengatengawo alandira, ndi kuti pa nsalu zodutsa m'manja mwake pankakhala zotsalira.

Umboni umenewu tiulandire bwanji? Surah Al-Hujurat, ndime 6, ikutilangiza kuti nkhani yobwera ndi munthu wosalungama tiziifufuza tisanaikhulupirire. Stanley sadali mboni yoyera m'manja. Mwini wake adalemba m'buku lomwelo za chikoti chimene ankakwapulira antchito ake, ndi za unyolo umene ankamangira othawa ulendo. Adali munthu wothamangira nthawi, wosadziwa mitengo ya pamalopo, amene ankaona aliyense wosakhala mzungu ngati wofuna kumubera. Mlendo wotere ukamutchula mtengo wa mlendo amakuwa kuti wakuba. Komabe sitingaufafanize umboni wonsewo chifukwa chakuti mwini wake adali wankhanza. Pamkangano wa Stanley ndi Sewa padali munthu wachitatu amene onse awiri ankadyera pamsana pake, ndipo iyeyo sadalembe buku. Stanley adali ndi nyuzipepala, Sewa adali ndi buku lake la m'sitolo lolembedwa m'zilembo za kwawo, Mnyamwezi adali ndi phewa.

Chisilamu chidaona vuto limeneli kalekale. Ndime yaitali kuposa zonse m'Qur'an, ya 282 m'Surah Al-Baqarah, siikamba za Swala kapena Hajj. Ikukamba za ngongole. Ikulamula kuti ngongole ya nthawi yodziwika ilembedwe, wolemba alembe mwachilungamo, pakhale mboni, ndipo chimene ambiri sitichigwira n'chakuti wolakatula mawu oti alembedwe akhale wokongolayo, osati wokongoza. Wofooka ndiye wapatsidwa pakamwa. Buku la ngongole limene amalidziwa mwini sitolo yekha, limene wokongola sangathe kuliwerenga, ngakhale litakhala lolondola mpaka tambala womaliza, silidafikebe pa muyeso wa ndime imeneyi. Surah Al-Mutaffifin nayo ikuyamba ndi chenjezo loopsa kwa anthu amene polandira amafuna muyeso wodzaza koma popereka amachepetsa, ndipo anthu a ku Madyan, kumene kudatumizidwa Mneneri Shuaib (AS), adawonongedwa sikelo ili pakati pa milandu yawo.

Padalinso mdima wina woposa wa sikelo. Njira zimene zinkatsitsa minyanga ndi zomwezo zinkatsitsa akapolo. Amwenye, pokhala anthu a pansi pa ulamuliro wa Angerezi, adaletsedwa kukhala ndi akapolo, ndipo cha m'ma 1860 kazembe wa Britain ku Zanzibar, Christopher Rigby, adamasula ambiri amene adali m'manja mwawo. Koma Bartle Frere atabwera m'chaka cha 1873 kudzakakamiza Sultan Barghash kuti athetse malondawa, adapeza kuti mpamba woyendetsa pafupifupi malonda onse a pagombe, abwino ndi oipa omwe, unkachokera m'masitolo a Amwenye. Wasitolo sankagwira munthu ndi dzanja lake, koma mfuti ndi onga zogulidwa pa ngongole m'masitolo a pagombe zinkakalira m'midzi ya kutali. Ife a kunyanja kuno nkhani imeneyi si yachilendo, ngakhale njira yathu inkapita ku Kilwa osati ku Bagamoyo: nsalu zimene zinkafika kwa Jumbe ku Nkhotakota, kwa Mponda ndi kwa Makanjira zinkachokera m'masitolo a mtundu womwewu, ndipo tikudziwa zimene zinkawoloka nyanja posinthana nazo. Msika wa akapolo wa ku Zanzibar udatsekedwa m'chaka chomwecho cha 1873. Mu Febuluwale 1874, m'misewu ya Bagamoyo momwe mudali sitolo ya Sewa, mudadutsa Susi ndi Chuma atanyamula mtembo wa Livingstone kuchokera kwa Chitambo. Chuma adali Myao, amene adamasulidwa m'goli ali mwana m'chaka cha 1861 kumapiri a Shire.

Kenaka kudabwera Ajeremani. M'chaka cha 1888 kampani yawo idatenga ulamuliro wa gombe kuchokera kwa Sultan, ndipo anthu a pagombe adaukira motsogozedwa ndi Abushiri bin Salim. Bagamoyo idaona nkhondo yoopsa, nyumba zambiri zidapsa. Hermann von Wissmann adagonjetsa oukirawo, ndipo Abushiri adanyongedwa ku Pangani mu Disembala 1889. Wissmann ameneyu ndi yemwe dzina lake lidali pa sitima ya Ajeremani imene idayamba kuyenda panyanja yathu mu 1893, ija idaphulitsidwa ndi Guendolen ku Liuli mu Ogasiti 1914; mfuti ya Guendolen idakalipo pa boma la Mangochi pafupi ndi nsanja ya wotchi. Sewa Haji adasankha kugwira ntchito ndi olamulira atsopanowo. Ankawapezera amtengatenga ndi katundu wa maulendo awo a kumtunda, ndipo malonda ake adakula kufika ku Tabora, ku Ujiji ndi madera ena. Wina anganene kuti wamalonda alibe asilikali, amagwadira amene wagwira mfuti kuti apulumutse banja ndi antchito ake. N'zoona. N'zoonanso kuti maulendo amene amtengatenga akewo ankasenzera katundu ndi omwe adakhazikitsa utsamunda kumtunda.

Tsono m'zaka zomaliza za moyo wake bamboyu adayamba kupatsa mwa njira imene gombe lonse lidadabwa nayo. Adakumbitsa zitsime ku Bagamoyo, kumene madzi abwino adali osowa ndipo ovutika nawo kwambiri adali amtengatenga omwe aja. Adathandiza kumanga chipatala ku Bagamoyo, napereka ndalama zomangira china ku Dar es Salaam cholandira Aafrika, Aarabu ndi Amwenye, pa nthawi imene chipatala chabwino cha boma chidali cha azungu okha. Chipatala chimenecho chidatchedwa dzina lake, ndipo dzinalo ndi limene lidasamukira ku Muhimbili. Adapereka malo kwa ansembe a Chikatolika amene adakhazikika ku Bagamoyo kuyambira 1868, amene ankalera akapolo omasulidwa ndi kusamala odwala. Pomwalira adasiya nyumba zake zambiri m'manja mwa boma kuti ndalama za lendi zizithandiza odwala, makamaka akhate.

Munthu wopanda mwana amaganiza za imfa mosiyana ndi anzake. Mtumiki Muhammad (SAW), m'Hadith imene adailandira Imam Muslim kuchokera kwa Abu Huraira (RA), adaphunzitsa kuti ntchito za munthu zimaduka pa imfa kupatula zitatu: sadaka yopitirira, maphunziro opindulitsa anthu, ndi mwana wolungama womupemphera dua. Khomo lachitatu lidali lotseka kwa Sewa Haji, ndipo adalowa mwamphamvu pa awiri otsalawo. Njira imeneyi idalambulidwa kale ndi Maswahaba: Uthman bin Affan (RA) adagula chitsime cha Ruma ku Madina n'kuchipereka kwa anthu onse, ndipo Umar bin Khattab (RA) adaika munda wake wa ku Khaibar kukhala waqf, wosagulitsidwa, wosagawidwa ngati chuma cha masiye, zipatso zake zokha zikupita kwa osauka. Koma amene ali ndi ana asatengere apa chilolezo chosiya banja lake pa mbalambanda. Sa'd bin Abi Waqqas (RA) atadwala n'kufuna kupereka chuma chake chambiri, Mtumiki (SAW) adamuletsa kupyola gawo limodzi mwa magawo atatu, namuuza kuti kusiya olowa m'malo ali ndi pogwira n'kwabwino kuposa kuwasiya akupemphetsa.

Mphatso yake imene ine imandikhudza koposa ndi sukulu. M'chaka cha 1896 adapereka nyumba ya miyala yosanjikizana katatu ku Bagamoyo kuti ikhale sukulu ya ana a mitundu yonse, ndipo nyumbayo idakaimabe. Lingalirani nthawi yake. Kuno kwathu m'zaka zomwezo, ndi zaka zambiri zotsatira, sukulu zidali m'manja mwa mamishoni, ndipo makolo athu ankaopa kutumizako ana kuti angakasiye chipembedzo ndi kusinthidwa maina. Manthawo adali ndi maziko, koma mtengo wake tidaulipira mibadwo ingapo: maofesi adadzaza ndi ana a anzathu, athu ali pa mashini osokera ndi pa ngalawa. Kukadapezeka wamalonda mmodzi kwa Mponda kapena ku Nkhotakota womanga nyumba yotere, yoti mwana aphunziremo kuwerenga ndi masamu m'mawa n'kupita ku madrasa masana, mbiri ya maphunziro a Asilamu a dziko lino ikadakhala ina.

Akuluakulu adati kupatsa n'kuika, ndipo Sewa Haji adaikadi. Akuluakulu omwewo adatinso mlandu suola. Chiweruzo cha bamboyu chili kwa Allah, amene akudziwa za doti lililonse limene lidadutsa pakauntala yake, ndipo n'kulakwa kumuweruza ndi mawu a Stanley. Koma lamulo la Chisilamu pa nkhani yotere n'losabisika, ndipo likukhudza amoyofe. Machimo a pakati pa munthu ndi Mlengi wake amafafanizika ndi kulapa. Chimene wamudyera munthu mnzako chimafuna kuti ubweze kwa mwini wake, kapena kwa ana ake, kapena iye akukhululukire. Mtumiki (SAW) adafotokozera Maswahaba ake za munthu woluza kotheratu pa Tsiku la Kiyama: wobwera ndi Swala, kusala ndi Zakaat, koma atadya chuma cha uyu ndi kuzunza uyo, ndipo zabwino zake zidzagawidwa kwa odandaulawo mpaka zitatha. Chitsime chokumbidwa pamudzi sichibweza kapu ya shuga imene idachotsedwa pa paketi ya mayi wamasiye. Matailosi a mu mzikiti salipira ganyu wa mnyamata wa m'sitolo amene watha miyezi itatu akuuzidwa kuti mawa.

Zimene zinkachitika kwa wamtengatenga wa ku Bagamoyo zili ndi abale ake pamadoko athu. Wogula nsomba amapatsiratu msodzi ndalama ya mafuta a injini kapena yokonzera ukonde, kuti nsomba zikatuluka zikhale zake pa mtengo umene adzatchule yekha. Wagolosale amakongoza ufa ndi sopo m'miyezi ya njala kuti adzalandire mpunga kapena chimanga pokolola, ndowa yoyezera ikudzabwera ndi iye mwini. Kulipiriratu si haramu pa kokha. Ibn Abbas (RA) adasimba kuti Mtumiki (SAW) adapeza anthu a ku Madina akulipiriratu zipatso za chaka chamawa, ndipo sadawaletse, koma adalamula kuti muyeso, kulemera ndi nthawi zidziwike kuyambira tsiku lopangana. Malonda amenewa m'Fiqh amatchedwa salam. Chimene chimawaipitsa ndi kusiya mtengo ndi muyeso m'kamwa mwa wamphamvu yekha, ndi kuonjezera ngongole pamene wokongola wachedwa, pamene ndime 280 ya Al-Baqarah ikuti wovutika apatsidwe nthawi. Kope la ngongole la pa golosale liyenera kulembedwa wokongola akuona, m'chiyankhulo chimene akuchimva, ndipo mayi wa m'nyumba azidziwa pamene limakhala ndi zimene zili m'menemo, za anthu okongola kusitolo ndi za kumene sitoloyo idakongola. Janaza ikangotuluka, ngongole za womwalira ndizo zimayamba kubwezedwa, wasiya ndi magawo a olowa m'malo zikubwera pambuyo.

Ngakhale Sewa Haji adalibe mwana wobereka, m'sitolo mwake mudakulira mnyamata wina wochokera ku Kera, ku Kutch komweko, amene adawoloka nyanja ali wamng'ono wopanda kanthu m'manja. Dzina lake adali Allidina Visram. Adaphunzira ntchito ya maulendo pansi pa Sewa, kenaka adayamba yake, ndipo mwini sitolo atamwalira mu 1897 ndi iye amene adatenga malonda a kumtundawo. Allidina adaona kuti nyengo ya phewa ikutha. Njanji ya Angerezi yochokera ku Mombasa itafika ku Kisumu mu 1901, iye adali atatembenukira kale kumeneko, akutsegula masitolo m'mbali mwa njanjiyo mpaka ku Uganda, kumene adamwalira mu 1916. Mwana wake Abdulrasul adamanga sukulu ya sekondale ku Mombasa m'dzina la bambo ake, imene idatsegulidwa mu 1923.

Bagamoyo yokha idatsala m'mbuyo. Ajeremani adali atasamutsira kale likulu lawo ku Dar es Salaam mu 1891 chifukwa cha doko lakuya lolowa sitima zikuluzikulu, ndipo njanji yawo, imene adayamba kuimanga mu 1905, idafika ku Tabora mu 1912 ndi ku Kigoma, pafupi ndi Ujiji, mu 1914. Mtunda umene Mnyamwezi ankayenda miyezi itatu mtolo uli paphewa, sitima inkaudutsa m'masiku ochepa, ndipo amtengatenga adaleka kutsikira ku Bagamoyo.